Diso Likadzathawa, Tidzalitsata

Inu amene munalimbana ndi vuto mpaka kuligonjetsa, n'kupuma kuti latha, kenako n'kudzalipeza lakhalanso pakhomo panu, khalani pansi mumve. Nkhaniyi ndi ya mayi wina woyimbitsa kwaya, amene oyimba ake ankamutcha Tochi.

Tsiku limene zinamuipira, kwaya yake inali yomaliza kuyimba pa mpikisano. Anafika mu holo m'mawa, koma anadzaitanidwa dzuwa litapendeka. Malata anali atatentha, anthu thukuta kamukamu, ndipo mutu unali ukumuwawa chiyambire masana. Anakwerabe pansanja akumwetulira, poti aliyense ankanena kuti chikho chaka chimenecho n'chake.

Tochi sankayimbitsa ngati anzake aja oponya manja uku ndi uku ngati alumidwa ndi njuchi. Dzanja lake lamanja linkangosunga kugunda kwa nyimbo, pafupi ndi chifuwa. Zina zonse ankachita ndi maso. Akayang'ana a sopulano, a sopulano ankalowa. Akayang'ana a besi, a besi ankalowa. Lamulo lake linali limodzi, ndipo analikhomerera m'mitu mwawo kwa zaka: "Ndikakuyang'ana, lowa. Osaganiza, osafunsa mnzako." Dzina la Tochi linachokera pamenepo, chifukwa akakuwalitsa unalibe pobisala.

Nyimbo inayamba bwino. Pakati pake panali malo amene azimayi a alito ankayenera kulowa okha, motsitsa mawu. Atafika pamenepo, Tochi anawayang'ana a alitowo.

Amene analowa mwamphamvu ndi a besi. Azibambo onse amene anaima kumapeto kwa mzere, kudzanja lake lamanzere, anatsegula kukamwa nthawi imodzi n'kubangula ndime yomwe inali isanafike. A alito atamva kubangulako anasokonezeka, ena n'kusiya, ena n'kuthamangira kutsogolo. Nyimbo inathera panjira.

Mu holo munayamba mwati zii. Kenako wina kumbuyo analephera kudzigwira, ndipo chikhakhali chinafalikira mpaka kutsogolo.

Atatsika pansanja, Tochi analunjika kwa mkulu wa a besi, bambo wachikulire wometa anthu tsitsi, amene anali asanalakwitsepo ndime chilowereni m'kwayamo.

"Mwandichita chiyani, abambo? Anakuuzani kuti mulowe ndani?"

"Inuyo, aphunzitsi. Munatiyang'ana."

"Ine ndimayang'ana a alito!"

Bamboyo anazolika, akupotokola chipewa m'manja. "Diso limodzi linali pa alito, zoona. Koma linalo linali pa ife. Ndiye paja munati osaganiza."

Tochi anathamangira kuchimbudzi cha azimayi, kumene kunali kagalasi kong'aluka pamwamba pa sinki. Diso lamanja linamuyang'ana bwinobwino. Lamanzere linali litapita kumbali, chakukhutu, ngati laona munthu wina pakhomo. Anaphethira, diso lija n'kubwerera. Asanapume n'komwe, linatsetserekanso pang'onopang'ono. Anagwira sinki ndi manja onse awiri.

Kuti mumvetse mantha akewo, tibwerere kaye m'mbuyo.

Tochi anabadwa diso lamanzere likuyang'ana kumphuno. Ana, inu mukuwadziwa, pakamwa pawo palibe mlonda. Kusukulu anamupatsa dzina lakuti Ukuonandani. Akalankhula ndi mnzake, mnzakeyo ankacheuka dala kumbuyo kufuna munthu amene akulankhulidwa, ena onse n'kumafa ndi phwete. Mwanayo anaphunzira kukhala pampando wakumbuyo, dzanja lili pachipumi, ndipo alendo akabwera kunyumba ankabisala kuseri kwa chitseko.

Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, amayi ake anamutengera kuchipatala chachikulu, madokotala n'kumuchita opaleshoni yokonza timinofu timene timakoka diso. Diso linawongoka. Kunyumba anati basi zatha, ndipo palibe amene anaganizako zokamuonetsanso. Munthu wochira akatani kuchipatala?

Kamtsikana kobisala kaja kanasintha. Maso amene kankawabisa kanayamba kuyang'ana nawo aliyense mosaphethira, ngati kakubweza ngongole ya zaka zonse zija. Kanalowa kwaya, kanakula, kanayamba kuyimbitsa, ndipo maso omwewo anasanduka chida chake. Dzina la Ukuonandani linaiwalika, ngakhale mwini wake sanaliiwale tsiku ndi limodzi lomwe.

Tsopano Tochi anali ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi. Bambo a mwanayo, amene anali kalipentala, ankamutcha Kabwana chifukwa ndiye ankalamula nyumba yonse. Kabwana anatengera amayi ake mawu okoma, n'kutengeranso diso. Lake lamanzere linkathawira kumphuno, ndipo chifukwa chosaligwiritsa ntchito linali litayamba ulesi, osaona bwino. Dokotala wa maso anamupatsa magalasi, n'kulamula kuti tsiku lililonse azimumata kachigamba padiso labwinolo kwa maola angapo, kuti laulesilo likakamizike kugwira ntchito. Opaleshoni yowongola diso inali itakonzedwa kuti ichitike mwezi wotsatira.

M'mawa mwake mpikisano utachitika, Tochi anapeza mwamuna wake atagwada pabalaza, akusenda kachigamba kuti amumate mwanayo. Anamulanda.

"Musamumate."

"Bwanji, amake mwana?"

"Ndati musamumate. Ndipo kuchipatala kuja sitikupitakonso. Tandiyang'anani kuno. Mukuliona?"

Kalipentala anayang'ana, kenako anayang'ana pansi. "Ndinaliona kale. Limatero mukatopa. Linayamba chaka chatha."

"Munaliona, osandiuza?"

"Ndinkaopa. A kwaya aja nawonso ankaopa. Aliyense ankati anene ndi mnzake."

Mawu amenewo anamulasa kuposa chikhakhali cha mu holo. Ndiye kuti chaka chonse anthu ankamuyang'ana n'kumatsinana, iye akudziona ngati mfumukazi.

"Anandicheka ine," anatero. "Amayi anga anagona pansi m'chipatala chifukwa cha diso limeneli. Lero lili kuti? Ladikira ndikule, ndiime pamaso pa anthu, ndiye n'kudzandiyalutsa. Mwana wanga asamunamize mmene anandinamizira ine. Bola akule akudziwa kuti ndi mmene alili."

"Koma adokotala anati chigambacho n'cha kuona, si cha..."

"Adokotala amanena zambiri."

Kabwana, amene ankadana ndi kachigambako kuposa mankhwala owawa, anawomba m'manja n'kuthamangira panja. M'nyumbamo ndiye yekha anali wokondwa.

Masabata otsatira anali olemera. Tochi anagula magalasi akuda, n'kutumiza uthenga kukwaya kuti akudwala. Ankadziyang'ana paliponse: pawindo la sitolo, pagalasi la foni, ngakhale pachivundikiro cha poto. Tsiku lina anavula magalasiwo kumsika kuti asankhe bwino nsalu, ndipo atafunsa mtengo, mtsikana wogulitsayo anacheuka kumbuyo kuona ngati akufunsidwa wina. Mtsikanayo sanachite dala. Komabe Tochi anasiya nsaluyo pomwepo n'kubwerera kunyumba mtima ukugunda ngati wathamanga.

Tsiku la opaleshoni linafika n'kudutsa. Namwino anaimba foni kawiri, Tochi n'kumangoiyang'ana mpaka kuduka.

Kalipentala ataona kuti yekha sangathe, anakadandaula kwa mlamu wake, mchimwene wa Tochi, amene ankagwira ntchito pa galaja yowongola matayala a galimoto. Mkuluyo anamuitanitsa mlongo wake. Tochi anamupeza ali m'dzenje pansi pa galimoto, manja ali bii ndi girisi.

"Chemwali, tavula magalasiwo. Muno mulibe dzuwa."

Tochi anavula monyinyirika. Mchimwene wake anatuluka m'dzenjemo, n'kumuyang'anitsitsa atapendeketsa mutu.

"Eee, lasamukadi. Kale linkapita kumphuno, pano likupita kukhutu. Koma ndiye n'loyendayenda."

"Mwandiitanira kudzandiseka, achimwene?"

"Ndakuitanira galimoto iyi. Ndinaiwongola ndine chaka chatha, inachoka pano ikuyenda mwaulemu. Lero yabwera ikukokera kumanzere. Mwini wake anene kuti ndinamunamiza? Yadutsa m'maenje angati chichokere pano?"

"Ine si galimoto."

"Ayi, sindiwe galimoto. Galimoto imamva." Anapukuta manja pakansanza, nthabwala n'kumuthera pankhope. "Ine ndimakukumbuka uli kuseri kwa chitseko. Dzino ili silinaguluke lokha, ndinkamenyana ndi ana okutcha dzina lija. Mwana amene anatuluka m'chipatala muja ndi amene anadzaima pansanja. Zaka zonse zimene wayenda mutu uli m'mwamba, ukuti sizinachitike? Ndiye Kabwana umumane zaka zake chifukwa zako zafuna kukonzanso?"

Tochi anavala magalasi ake n'kuchoka osatsanzika. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu likamawawa munthu sayamika.

Chimene chinamugwedeza chinachitikira kubafa, Loweruka lina m'mawa. Ankamusambitsa Kabwana, thovu la sopo n'kumulowa m'diso lamanja, labwino lija. Mwanayo analitsinzina n'kuyamba kulira, akupapasa m'mwamba.

"Tenga thaulo ili upukute," anatero Tochi, atalitambasula patsogolo pake.

Kadzanja kaja kanaphonya thaulo, n'kugwira mphepo. Diso lamanzere linali lotsegula, koma silinkamuthandiza.

"Amayi, nkhope yanu yafufutika. Sindikukuonani bwino."

Miyezi ingapo m'mbuyomo, mwana yemweyu atamatidwa chigamba ankatha kutola timikanda pamphasa ndi diso lomwelo. Tsopano nkhope ya mayi ake, ili pafupi chonchi, inali chifunga. Tochi anamutsuka m'maso, n'kumukumbatira ali chinyowere, mpaka diresi lake lonse linanyowa. Apo m'pamene anazindikira kuti pamene iye ankalira maonekedwe a diso lake, diso la mwana wake linali likuzima mwakachetechete.

Lolemba m'mawa anali pamzere kuchipatala, manyazi ndi mantha zikulimbana mumtima. Dokotala wa maso, mayi wamfupi wolankhula mosathamanga, anamumata Kabwana diso lamanja n'kuyamba kumuonetsa tizithunzi pakhoma. Kanyumba kakakulu anakatchula. Kabakha kocheperapo anakayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndi nsapato. Tating'ono tapansi, timene ankatitchula kale mosavuta, sanatione n'komwe.

"Tabwerera m'mbuyo, mayi," anatero dokotala. "Koma sitinachedwe. Diso limaphunzira kuona mwana akadali wamng'ono. Akakula, kuphunzirako kumavuta kwambiri. Mukanakhala chaka china kunyumba, bwenzi tikukamba zina."

Tochi anavula magalasi akuda aja n'kuwaika pathebulo.

"Ndiyang'aneni ine, adokotala. Anandichita opaleshoni ndili mwana. Ndiuzeni zoona, musandinyengerere. Lakenso lidzatero?"

Dokotala anamuwalitsa katochi m'maso, n'kuphimba diso ili, kenako linalo.

"Sindingakulonjezeni kuti silidzatero. Ana ambiri maso awo amakhala owongoka zaka zambirimbiri. Ena diso limadzasuntha, kubwerera mkati kapena kutulukira kunja ngati lanuli, ndipo ena amafunika kuwachitanso opaleshoni. N'chifukwa chake timati muzibwera naye nthawi ndi nthawi, ngakhale mukuona ngati zonse zili bwino. Inuyo munabwererako liti atakuchitani?"

"Sindinabwerereko."

"Ndiye mwabwera lero. Lanulinso likhoza kukonzedwa."

"Pa msinkhu uno?"

"Akuluakulu kuposa inu timawakonza."

Tochi anabwera kudzafuna lonjezo, ndipo sanalipeze. Anatuluka m'chipindamo mtima uli m'mwamba ngati mmene analowera. Koma m'chikwama mwake munali bokosi la tizigamba, ndipo dzanja la Kabwana analigwira mwamphamvu.

Nkhondo ya chigamba inayambiranso. Kabwana ankachimatula akangotembenuka, n'kuchibisa pansi pa mpando, tsiku lina mpaka anachimata pamphaka. Akamatidwa ankapunthwa pa zinthu, n'kumalira kuti amayi ake ndi oipa. Tochi ankalira naye mumtima, koma ankatenga china n'kumata. Kalipentala anamupangira mwanayo kathebulo kakang'ono kojambulirapo, kuti diso laulesilo lizipeza ntchito.

Tsiku lina akukonzeka kupita kusitolo, mwanayo atamatidwa, Tochi atavala magalasi ake akuda, Kabwana anaima pakhomo n'kukana kutuluka.

"Anthu azindiseka."

"Sakuseka. Ukuchiritsa diso, palibe chochititsa manyazi."

"Nanga inu mumabisiranji lanu?"

Funso la mwana silikhala ndi ulemu, koma limafika. Tochi anavula magalasiwo n'kuwaika pamwamba pa kabati. Anayenda msewu wonse limodzi, wina chigamba, wina diso kumbali. Ena anayang'anadi, ndipo Tochi ankamva nkhope ikutentha. Koma anafika kusitolo n'kubwerako, palibe amene anafa.

Sabata yomweyo anabwerera kukwaya. Atalowa, onse anaima, aliyense akuyang'ana nsapato zake.

"Dzutsani mitu," anatero. "Diso langa mwaliona, ndipo munaliona kalekale. Mlandu wa kusandiuza tidzakamba tsiku lina. Kuyambira lero lamulo lija lafa. Musayang'anenso maso anga. Muziyang'ana dzanja ili."

Anakweza dzanja lamanzere, limene kwa zaka zonsezo linkangolendewera.

Wometa uja anatsokomola. "Ndiye tizikutchani ndani, aphunzitsi, poti tochi yayamba kuwalitsa mbali ziwiri?"

Onse anagwira mpweya. Tochi anamuyang'ana ndi diso limene linavomera.

"Tochi yowalitsa mbali ziwiri ndi yodula, abambo. Simungaikwanitse."

Kuseka kumene kunatsatira kunali kwina, kosabaya. Koma musaganize kuti zinayenda tsiku lomwelo. Dzanja lamanzere linali louma, lochedwa, nthawi zina linkaloza a tenala pamene mwini wake akufuna a sopulano. Oyimba nawo maso awo ankathawirabe kunkhope yake mwa chizolowezi. Panali masiku amene Tochi ankabwerera kunyumba phewa likuwawa, akudzifunsa ngati sakungotaya nthawi. M'mawa mwake ankamata mwana chigamba, n'kuima pagalasi kuphunzitsa dzanja. Onse awiri anali pasukulu imodzi, yophunzitsa chiwalo chaulesi kugwira ntchito.

Patapita miyezi, Kabwana anatchula kabakha kuti kabakha, n'kutchulanso tating'ono tapansi tija. Dokotala anapereka tsiku latsopano la opaleshoni.

M'mawa wa tsikulo mwanayo anakhala pabedi la chipatala atavala kamkanjo komukulira, miyendo ikulendewera. Anawayang'ana amayi ake nthawi yaitali.

"Amayi, inunso anakuchitani chonchi?"

"Eya, ndili wamng'ono."

"Ndiye linathawanso?"

"Linathawanso, nditakula."

"Langanso lidzathawa?"

Bodza linali pafupi, lokoma, losavuta kunena. Kalipentala anamuyang'ana mkazi wake ngati akumupempha kuti alinene. Tochi anamugwira mwanayo dzanja.

"Mwina silidzathawa, mwanawe. Mwina lidzathawa. Koma likadzathawa, tidzalitsata. Sitidzalisiya lipite lokha."

Kabwana anaganiza pang'ono, n'kugwedeza mutu ngati bwana amene wavomera pempho la antchito ake. Anamwino anamutenga.

Tochi sanakhale pansi nthawi yonse ya opaleshoniyo. Ankayenda m'khonde kupita uku ndi uku, chitseko chilichonse chikatseguka mtima n'kudumpha. Ankadzifunsa ngati sanalakwitse, ngati mwana adzuka, ngati diso silipitirira n'kuloza kwina. Mchimwene wake anabwera ndi ovolosi yake ya girisi, n'kukhala pabenchi osanena nthabwala ndi imodzi yomwe. Apo m'pamene Tochi anadziwa kuti nayenso akuopa.

Kabwana anadzuka akulira, diso lili psuu. Patapita masiku, kufiira kunayamba kutha, ndipo maso onse awiri anawayang'ana amayi ake nthawi imodzi. Abale anakondwa, ena n'kunena mawu omwe aja akale, akuti basi zatha. Tochi anapita kwa namwino kukafunsa tsiku lobweranso.

Chaka chotsatira Tochi nayenso anagona pabedi lomwelo. Diso lake linabwerera pafupifupi pakati, ngakhale mpaka lero akatopa limayamba ulendo wake wa kukhutu. Kuyimbitsa ndi maso sanabwererekonso. Chikho chija anadzachitenga ndi manja, ndipo wometa uja ndiye anachinyamula pamutu kuzungulira holo.

Mwina mukuganiza kuti mantha anathera pamenepo. Ayi ndithu. Nthawi iliyonse yopita kukaonetsa mwana, Tochi ankadzuka kusanache. Kabwana akamadya, akamawerenga, akamayimba pamzere wa alito, amayi ake ankamuba ndi diso kuona ngati lasuntha. Zaka zinadutsa, dokotala akungonena kuti zili bwino. Ena ankamuseka kuti akutha nsapato popita kuchipatala ndi mwana wosadwala. Iye ankapitabe.

Kabwana ali ndi zaka khumi ndi zisanu, atatalika kuposa amayi ake, anapitanso monga mwa nthawi zonse. Dokotala uja, tsopano wa imvi, anamuphimba diso lamanja, ndipo mtsikanayo anawerenga zilembo ndi lamanzere mpaka mzere wapansi. Kenako dokotala anamuuza kuti ayang'ane patali, n'kuyamba kuphimba diso ili, kenako linalo. Anabwereza. Anabwerezanso. Tochi anadziwa dokotala asanalankhule.

"Layamba kutulukira kunja pang'ono akayang'ana patali," anatero dokotala. "N'zochepa, ndipo mwachita bwino kuti taliona msanga. Tisintha magalasi, muzibwera pafupipafupi. Likapitirira, tidzakambirana zokonzanso."

Atatuluka, Tochi anangofika pabenchi la m'khonde n'kukhala. Chinthu chimene anachiopa zaka zonsezi chinali chitafika. Anaona holo ija, chikhakhali chija, kagalasi kong'aluka kaja, koma tsopano pagalasipo panali nkhope ya mwana wake. Misozi inayamba kutsika yokha.

Kabwana anaima patsogolo pake, manja m'chiuno.

"Amayi, ndiye mukulira chiyani?"

"Lathawa, mwanawe. Ndinkapemphera kuti iwe zisakuchitikire."

"Simunaone? Diso lomweli ndawerenga nalo mpaka mzere wapansi. Lija linkaona bakha ngati nsapato." Anagwada n'kuwapukuta misozi ndi chala. "Paja munandiuza chiyani ndili pabedi paja?"

Tochi anayankha chapansipansi.

"Likadzathawa, tidzalitsata."

"Ndiye tikulitsata. Silinapite patali, taligwira lili pakhomo." Anawakoka dzanja lamanzere lija. "Dzukani, tachedwa kukwaya. A besi akalowanso okha."

Tochi anaseka misozi ili m'masaya, n'kudzuka.

Inu amene mukuwerenga, mwina vuto lanu si diso. Mwina ndi matenda amene munachira n'kubwereranso, mwina ndi ntchito imene munaimanga n'kugwanso, mwina ndi mwana amene munamuwongola n'kukhotanso. Musanene kuti zaka zabwino zija zinali bodza. Munazikhala, ndipo ndi zimene zinakupatsani miyendo yoimira lero. Musamane mwana wanu thandizo chifukwa choti lanu silinakhale mpaka kalekale. Bwererani kumene munathandizidwa, funsani, konzaninso, ndipo chizolowezi chakale chikakana phunzitsani dzanja linalo. Mantha adzakuperekezani, asiyeni ayende pambuyo. Chimene chathawa chitsateni, osataya mtima.